Kodi N'kwanzeru Kulandiriratu Ndalama Khadi Lomaliza Lisanagwe?

Nkhani imene tifuna kuti tilingalire pamodzi mwezi uno ndi ya kabatani kamodzi kamene kamatulukira pa foni munthu akamatchova juga ya makhadi yotchedwa poker pa intaneti. Kapena ena adzati nkhani yotere siyenera kuthera pepala, popeza ambiri a ife sitinakhalepo pa tebulo la poker chibadwire. Koma kabatani komweko, ndi dzina lomwelo la cash out, kamapezekanso pa juga ya mpira imene yafala m'zipinda zathu zogona, ndipo funso limene kamatifunsa ndi lakale kuposa foni ndi intaneti. Funso lake ndi ili: munthu waika ndalama zake pangozi, ndipo wina adza namuuza kuti, landira zochepa tsopano lino, usadikire mathero. Kodi akalandira wachita mwanzeru, wachita mwamantha, kapena wanyengedwa?

Tiyambe tafotokoza masewerawo kuti tiyendere limodzi. Mtundu wa poker umene umaseweredwa koposa pa intaneti ndi Texas Hold'em. Makhadi onse alipo 52. Wosewera aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu amagonekedwa pakati pa tebulo kuti onse awaone: poyamba atatu pamodzi, kenaka limodzi, potsiriza lina limodzi. Amene makhadi ake agwirizana bwino koposa ndi a patebulowo ndiye amakokolola ndalama zonse zounjikidwa pakati. Makhadiwo akamagwa osewera amaonjezera ndalama, ndipo amene waona kuti sangathe amataya makhadi ake nasiya zimene anaponya kale. Tsono imafika nthawi imene munthu amakankhira pakati ndalama zonse zimene anakhala nazo patebulo. Kumeneko ndiko amati all-in. Mnzake akavomera naponya zake zolingana nazo, makhadi obisika aja amaonetsedwa poyera, ndipo sipatsalanso chochita. Kuonjezera kwatha, kubweza n'kosatheka, luso lilibenso ntchito. Onse awiri angopenya makhadi otsalawo ali kugwa.

M'chaka cha 2019 kampani ya PokerStars, imodzi mwa makampani aakulu a poker ya pa intaneti, inaika chinthu chatsopano pa kanthawi kameneka, nichitcha All-In Cash Out. Kompyuta imawerenga mwayi wa wosewera aliyense, ndi kumuuza mtengo wa gawo lake pa ndalama zapakati. Akafuna, amalandira gawolo pomwepo makhadi otsala asanagwe, koma kampani itachotsapo kagawo kake, kamene poyamba kanali 1 pa 100 aliwonse. Kampani ina, GGPoker, nayonso inaika chake chofanana nacho, chotchedwa EV Cashout.

Tiyerekeze ndi ndalama zimene timalipidwa kuno. Anthu awiri aponya R1,000 aliyense, chotero pakati pali R2,000. Woyamba ali ndi makhadi awiri a A, amene aposa ena onse. Wachiwiri ali ndi awiri a K, amene atsatana nawo. Patebulo sipanagwe khadi ndi limodzi lomwe. Makhadi otere akakumana ka 100, mwini ma A amapambana pafupifupi ka 82, ndipo mwini ma K pafupifupi ka 18. Motero gawo la woyamba ndi R1,640, ndipo akadina kabatani kampani ichotsa R16.40 ndi kumupatsa R1,623.60. Gawo la wachiwiri ndi R360, ndipo akadina alandira R356.40. Makhadi otsalawo amagwabe monga mwa nthawi zonse. Ngati woyamba yekha ndiye anadina, ma A akapambana R2,000 ija ipita kwa kampani. Ma K akapambana mwini wake atenga zonse, ndipo kampani ndiyo yataya zimene inalipira. Kunena mwachidule, kampani yagula makhadi a munthuyo pamodzi ndi ngozi yake.

Kuwerenga kumene kompyuta imachita si kwabodza, ndiponso si kwatsopano. M'chaka cha 1494 munthu wa ku Italy, dzina lake Luca Pacioli, anasindikiza buku la masamu mumzinda wa Venice, ndipo m'menemo munali funso lakuti: anthu awiri ali kusewera, koma masewera adukizidwa asanathe, ndalama zawo azigawana bwanji? Anthu ophunzira anavutika nalo funsoli zaka 160, kufikira mu 1654 pamene Afalansa awiri, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata nalimasula.

Chitsanzo cha Pascal n'chosavuta, munthu angachitsate ndi timiyala pansi. Awiri aponya ndalama zagolide 32 aliyense, zonse pamodzi 64, napangana kuti woyamba kupambana katatu atenge zonse. Wina wapambana kawiri, mnzake kamodzi, ndipo pamenepo ayenera kulekeza. Akadasewera kamodzinso wa kawiri uja n'kupambana, 64 zonse zikadakhala zake. Akadagonja akadalingana, aliyense n'kutenga 32. Chotero 32 ndi zake zivute zitani. Zotsalazo 32 mwayi wake ndi wofanana kwa onse awiri, ndipo azigawana pakati. Iye atenga 48, mnzake 16. Kugawa kumeneku n'kolungama, ndipo ndiko kholo la kuwerenga kwa pa foni kuja. Koma taonani chinthu chimodzi. 48 ndi 16 zikwana 64, palibe ndi kobiri lomwe limene lagwa panjira. Pa foni, onse awiri akadina, R1,623.60 ndi R356.40 zingokwana R1,980. R20 yapita kwa wachitatu amene sanagwire khadi.

Chifukwa cha ichi akatswiri ambiri amene poker ndiyo ntchito yawo amati kabatanika n'kosayenera kukhudza. Iwo amati R16.40 ioneka yochepa, koma munthu akadina ka 100 pa makhadi onga aja wataya R1,640, ndiwo mtengo wathunthu wa gawo lake limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolo uwu usenzedwa kupita kunyumba ya wina. Amatinso wosewera kawirikawiri alibe chifukwa choopera khadi limodzi, pakuti tsoka la lero lidzabwezedwa ndi mwayi wa mawa, ndipo pa kutha kwa chaka zonse zidzalingana ndi masamu. Mawu awo ndi oona kwa munthu wa thumba lakuya, amene R1,000 ikamuthawa usiku uno mawa akhalanso patebulo ndi ina. Koma si onse ali ndi mawa lotere.

Amene anayamba kulankhulira munthu wa thumba losaya ndi Daniel Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, m'nkhani yake imene inasindikizidwa ku St Petersburg mu 1738. Iye anayerekeza mmphawi amene wapeza tikiti ya lotale, ndipo tikitiyo ingamupatse ndalama zotchedwa ducat 20,000 kapena kusamupatsa kanthu, mwayi wa mbali zonse ziwiri uli wofanana. Mwa masamu a Pascal mtengo wake ndi 10,000. Nanga wina akafuna kuigula pa 9,000, mmphawiyo akagulitsa wapusa kodi? Bernoulli anayankha kuti iai, sanapuse. Ndipo anaonjeza kuti munthu wolemera akakana kuigula pa mtengo umenewo ndiye angakhale wopanda nzeru. Chifukwa chake n'chakuti ndalama silemera chimodzimodzi m'manja monse. Kwa wosowa 9,000 zoyambazo ndizo nyumba, chakudya ndi chovala. Zoonjezera pamwamba pake n'zokoma, koma sizifanana kulemera ndi zoyamba zija.

Ife tivomerezana naye. Mu Malichi 2025 boma la South Africa linaika malipiro ochepetsetsa pa R28.79 pa ola limodzi. Pa mtengo umenewo R1,000 ndi thukuta la maola pafupifupi 35, ndipo R16.40 ndi la theka la ola ndi kamphindi pang'ono. Munthu amene ndalama ya lendi ili pakati pa tebulo, napereka theka la ola kuti apulumutse ntchito ya masiku anayi, sitingamutche wamantha. Anzake a m'chipinda akamuseka kuti alibe chiwindi, asawamvere, pakuti mwezi ukatha osekawo sadzamulipirira bedi. Kufikira pano kabatani kaoneka ngati bwenzi la wosauka.

Koma tiyeni tibwerere kwa mmphawi wa Bernoulli timuyang'anitsitse. Tikiti ija inangofika m'manja mwake. Sitimva kuti anaigula ndi malipiro ake. Ngozi inamupeza, iye naigulitsa. Wa pa foni uja ngozi sinamupeze. Anaifuna yekha, nakhala patebulo yekha, nakankha yekha ndalama zonse ndi chala chake, ndipo pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe ali kulipira kuti wina amuchotsere chimene wadzisenzetsa. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Chifukwa chimene chimuyenereza kudina kabatani ndi chomwecho chimene chimutsutsa pa kuponya kuja. Ngati R1,000 iyi ndi yolemera kotero kuti sangapirire kuona makhadi asanu ali kugwa, inali yolemera chimodzimodzi pamene inali idakali m'thumba, ndipo pamenepo akadaisunga yonse osalipira ndi senti yomwe.

Bernoulli mwini wake anaona zimenezi m'nkhani yomweyo. Anayerekeza anthu awiri, aliyense ali ndi ducat 100, ndipo aponya 50 aliyense pa masewera olungama, opanda chinyengo ndi opanda wotapa msonkho. Wopambana atsala ndi 150, wogonja ndi 50. Mwa kuwerenga kwake, pongovomera kusewerako aliyense wa iwo wasanduka ngati munthu wa 87, ndiko kuti wataya 13 masewera asanayambe. Tanthauzo lake tonse tilidziwa m'mimba mwathu: kuwawa kwa kutaya theka la zako kuposa kukoma kwa kuonjezerapo theka lina. Tsono ngati zili chomwecho pa masewera olungama, nanga pa masewera amene wina amatapapo?

Pakuti kampani imatapa ndithu. Pa ndalama zounjikidwa pakati imachotsa kagawo kake kamene osewera amakatcha rake, ndipo m'chitsanzo chathu chija sitinakawerengere n'komwe. Pamwamba pa kameneko ndipo pabwera 1 pa 100 wa kabatani. Kampaniyo ndiye wolemera uja amene sayenera kukana kugula tikiti. Mbale wa atate ake a Daniel, Jacob Bernoulli, m'buku lake limene linatuluka mu 1713 iye atamwalira kale, anasonyeza kuti chinthu cha mwayi chikabwerezedwa kambirimbiri zotsatira zake zimayandikira pa chimene masamu ananena. Munthu mmodzi wa ma A angagonje usiku uno, koma amene wagula ma A a anthu zikwi zambiri adziwa kuti pafupifupi 82 pa 100 adzapambana, ndipo phindu lake silidalira khadi lililonse. Chimene kwa ife ndi kugunda kwa mtima, kwa iye ndi malonda wamba, onga a mwini golosale amene aonjeza pang'ono pa paketi iliyonse ya shuga. Timamulipira polowa m'ngozi, ndipo timamulipiranso potuluka.

Wina adzati, nanga si chimodzimodzi ndi inshulansi? Kodi ife sitisonkha mwezi ndi mwezi ku bungwe la maliro, kuti imfa ikatipeza kuno kuchilendo mtembo ukagone kwathu? Inde timasonkha, ndipo tichita bwino, ngakhale tidziwa kuti ambiri adzasonkha zaka zochuluka osalandira kanthu. Koma imfa, matenda ndi ngozi ya pantchito sitiziitana. Zimadza zokha, ndipo palibe njira yozipewera kotheratu. Kusonkha kwathu n'kugawana katundu amene aliyense wobadwa ayenera kusenza. Khadi lomaliza silili chomwecho. Lilibe mphamvu pa munthu amene sanakhale patebulo. Amene ayatsa yekha moto pa denga la udzu, kenaka nagula madzi kwa yemwe anamugulitsa machesi, sitinena kuti ndi wosamala, ngakhale kugula madziko n'kwabwino kuposa kungopenya nyumba ili kupsa.

Palinso china chimene chili mumtima wa munthu. Mu 1979 akatswiri awiri a za maganizo, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anafalitsa zimene anapeza pofunsa anthu mafunso a mtundu uwu. Anawafunsa kuti asankhe kulandira 3,000 mosakayikitsa, kapena kuyesa mwayi wa 4,000 umene umatheka ka 80 pa 100. Anthu 80 pa 100 aliwonse anasankha 3,000 ya m'manja. Kenaka anatembenuza funso: asankhe kutaya 3,000 mosakayikitsa, kapena kuyesa mwayi umene ka 80 pa 100 adzataya 4,000 ndipo ka 20 sadzataya kanthu. Apa anthu 92 pa 100 anasankha kuyesa mwayi. Chotero munthu yemweyo amene ali wosamala pamene zinthu zili kumuyendera amasanduka wolimba mtima mopusa pamene zamuipira.

Tiike zimenezi pa tebulo lathu lija. Mwini ma A aona R1,623.60, mtima uli phaphapha kuopa K wachitatu, ndipo chala chithamangira pa kabatani. Mwini ma K aona R356.40, ndipo kudina kutanthauza kuvomera kuti R643.60 yapita osabweranso. Zimenezo n'zowawa, ndipo mtima umuuza kuti ma K ena awiri akadali m'makhadi otsala, kapena limodzi ligwa. Aleka kudina, ndipo pafupifupi ka 82 pa 100 atsala chimanjamanja. Lero tili mwini ma A, mawa tili mwini ma K. Tikatsata mtima wotere, kupambana kwathu kudzakhala kodulidwa msonkho nthawi zonse, koma kugonja kwathu kudzakhala kwathunthu. Ndipo tidzapitirira kudziyesa anthu osamala, chifukwa tidzakumbukira masiku amene tinadina.

Tifunsenso kuti ndalama zolandiriratuzo zimapita kuti. Dzina lakuti cash out limveka ngati munthu waimirira, ndalama zili m'thumba, ali kupita kukazitumiza kumudzi. Sizili tero. Zimabwerera patsogolo pake pa tebulo lomwelo, ndipo asanapume n'komwe makhadi ena awiri afika kale. Amene wataya zonse amaimirira chifukwa alibe chosewerera, ndipo nthawi zina kuwawa kumeneko ndiko kumamuchiritsa. Amene wadina amakhalabe pampando, ndipo rake ipitirira kumudya pang'onopang'ono. Choipa koposa n'chakuti munthu akadziwa kuti khomo lotulukira lilipo amalowa mosavuta. All-in imene dzulo akadaiopa, lero aiponya msanga, nati mumtima mwake, zikavuta ndidina. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kabatani kachepetsa mantha, koma mantha amenewo ndiwo anali mlonda wa malipiro ake.

Kwa ife okhala m'dziko lino pali chinthu china choonjezera. Lamulo la juga la South Africa la chaka cha 2004 silinalole masewera a kasino ndi a makhadi pa intaneti, ngakhale kubetcha pa mpira ndi pa mahatchi kwa okhala ndi chiphaso cha boma kunaloledwa. Mu 2011 bwalo la Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein linagamula mlandu wa kasino ya Piggs Peak, imene makina ake anali ku Swaziland, dziko limene lero litchedwa Eswatini. Bwalolo linati juga imachitikira kumene kuli wosewerayo, ngakhale makina ali kunja kwa malire. Lamulo la 2004 lija linaperekanso njira yakuti ndalama zopambana pa juga yosaloledwa zilandidwe ndi boma. Motero ndalama imene foni inena kuti ndi yotsimikizika ikhoza kukhala ndi ulendo wautali isanafike m'manja, ndipo ikasochera panjira mlendo alibe bwalo lokadandaulako.

Tsopano tifike pa funso limene masamu sangatiyankhire. Kodi ndalama zili pakati pa tebulo n'za yani? Kuponya zonse kumveka ngati mawu a mwamuna wolimba, koma angathe kuponya zonse mwachilungamo ndi yekhayo amene palibe womuyembekezera. Ife sitili otero. Malipiro athu asanalowe m'manja ali kale ndi eni ake: mayi a ana amene awerenga masiku a mwezi, mwana amene fizi yake ifunika sukulu zikatsegulidwa, amayi okalamba amene adikira ya feteleza mvula isanagwe, mlamu amene anatikongoza ya basi pobwera kuno. Onsewa ali nawo pa all-in ija, koma palibe anawafunsa. Akadafunsidwa sakadasankha pakati pa R1,623.60 ndi khadi lomaliza. Akadati, R1,000 yomweyo titumizireni. Tikumbukenso kuti pa poker ndalama yopambana sichokera kwa kampani. Ichokera kwa mnzathu wa tsidya lina la tebulo, amene kapena nayenso ali pa bedi la m'hositelo ina, ndi omuyembekezera ake.

Ena adzatiyankha kuti moyo wonse ndi juga. Adzati, kodi inu simunaponye zonse pamene munagulitsa mbuzi ndi njinga kuti mupeze yoyendera, osadziwa ngati ntchito mudzaipeza? Kodi mlimi saponya mbewu m'nthaka osadziwa ngati mvula idzagwa? N'zoona kuti wokana ngozi iliyonse sangalime, sangayende, sangakwatire. Koma mlimi akaponya mbewu imodzi nthaka imabweza zambiri, ndipo akakolola palibe mnzake amene wasauka chifukwa cha iye. Womanga nyumba ndi wokumba m'mgodi amasiya chinthu chimene kunalibe. Pa tebulo la poker sipamera kanthu. Ndalama zotulukapo nthawi zonse n'zochepa kuposa zimene zinalowa, ndipo kusiyana kwake kwatsala kwa mwini tebulo. Ngozi ya ulendo wathu tinaisenza chifukwa kunalibe njira ina yodyetsera ana. Ngozi ya patebulo njira yoipewera ilipo, ndipo ndi yaulere.

Nanga tsono tiyankha bwanji funso lathu loyamba? Tinena kuti wodina kabatani si wamantha, ndipo kuwerenga kumene apatsidwa si kwabodza. Chinyengo chili pa nthawi. Kabatani kamabwera ndi nzeru pamene nthawi ya nzeru yadutsa, ndipo kamatigulitsa pa mtengo chinthu chimene mphindi yapitayo tinali nacho chathunthu. Akulu anati mmera mpoyamba. Chikhumbo chofuna kudina chija tisachinyoze, pakuti ndi mboni yoona. Chili kutiuza kuti ndalama iyi ndi yoposa msinkhu wathu. Chofunika n'kuitana mboniyo msanga, ndalama isanachoke m'thumba. Munthu asanaike kanthu pa makhadi kapena pa mpira adzifunse kuti, atandionetsa kabatani pakati pa masewera, kodi ndidzafuna kudina? Ngati yankho ndi inde, wadziwa kale kuti ndalamayo si yoseweretsa, ndipo aisiye pomwe ili.

Kwa mbale amene walowa kale, ndalama ya lendi kapena ya fizi ili pakati ndipo makhadi atembenuzidwa, tinena kuti dinani, musachite manyazi, ngakhale muli mwini ma K ndipo chobwera ndi R356.40 yokha. Yochepayo igula ufa. Chiyembekezo cha K wachitatu sichigula kanthu ka 82 pa 100. Koma mukadina musalandire makhadi ena. Imirirani, tulutsani ndalamayo mu akaunti, ndipo muitumize kwa eni ake tsiku lomwelo isanagone m'foni. Kudina kopanda kuimirira n'kungosintha tsiku la maliro a ndalamayo.

Ndipo ngati alipo amene ayesa kuimirira koma miyendo ikana, amene malipiro akalowa tulo sitibwera kufikira foni itawadya, ameneyo asabise. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Auze mnzake wokhulupirika wa m'chipinda kapena mkulu wa mumpingo, ndipo ngati n'kotheka amusungitse ndalama ya kumudzi tsiku la malipiro lomwelo. M'dziko lino lilipo bungwe la South African Responsible Gambling Foundation limene limapereka uphungu waulere kwa ogwidwa ndi juga. Ife otsala tisamuseke, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikusiyirani mawu awa, abale, kuti mukambirane madzulo pamene mphika uli pamoto. Amene adziwa masamu atenge pepala awerengere anzake R2,000 ija, awaonetse kumene R20 yapita, ndipo kenaka aliyense awerenge yekha maola amene anagwira kuti apeze R1,000 yake. Tsalani bwino, ndipo polemba kumudzi mutiperekere moni.